Fish River Canyon mu Julayi: masiku anayi kapena asanu?

aPhiri: Moni nonse abale. A Namibia Wildlife Resorts, amene amasungitsa malo, ayankha: malo athu asanu ndi atatu a ulendo wapansi m'chigwembe cha Fish River ku Namibia alipo sabata yachiwiri ya Julayi, kuyambira ku Hobas kukathera ku Ai-Ais. Njirayi amaitsegula pa 1 Meyi n'kuitseka pa 15 Sepitembala, chifukwa miyezi inayo m'chigwembemo mumatentha koopsa ndipo madzi osefukira amabwera mosachenjeza. Salola gulu la anthu ochepera atatu, komanso patsiku amatsitsa anthu osapitirira 30, n'chifukwa chake malo amavuta chonchi. Tsopano tigwirizane chinthu chimodzi sabata ino kuti anthu akapemphe tchuthi kuntchito: tiyenda masiku anayi kapena asanu?

Wa ku Likhubula: Anayi akwana bambo. Makilomita 85 kugawa panayi ndi 21 patsiku. Ine kwathu ndinkanyamula katundu wa alendo kuchoka pa Likhubula kukafika ku Chambe n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo kumeneko n'kokwera kokhakokha. Uku n'kongotsata mtsinje. Komanso abwana anga sangandipatse masiku opitirira sabata imodzi.

Make Tadala: Tisanapite patali, Tadala akulimbikira kuti apite nawo. Ali ndi zaka 11 koma amayenda kuposa ine.

aPhiri: Pepani mayi, lamulo lawo ndi zaka 12 kupita m'mwamba. Mumuuze kuti chaka chamawa chili pompano.

aMbewe: Achimwene a ku Likhubula, mphamvu zanu sindikuzikayikira, amene wasenzapo katundu pa Mulanje si munthu wamba. Koma masamu anuwo m'chigwembe muja sagwira. Ine ndinayendamo ndi anzanga a kuno ku Johannesburg, ndiye ndikuuzeni mmene ziliri.

Tsiku loyamba galimoto imakutulani pamwamba, makilomita ngati 10 kuchokera ku Hobas. Kuchoka pamenepo mumatsika mamita pafupifupi 500. Poyambira penipeni pali maunyolo okhomera m'thanthwe oti muzigwirira, kenako ndi timiyala toterereka tomwe timagubuduka mukangoponda. Ndi chikwama chodzaza kumsana, maola awiri amatha, kwa ena atatu. Mukafika pamchenga pansi ntchafu zimangonjenjemera zokha, ndipo ambiri amagona pomwepo kapena kungosuntha pang'ono.

Tsiku lachiwiri ndiye pamene pagona nkhani. Njira yolambulidwa palibe. Pali miyala ikuluikulu yoti mukwere ndi manja omwe, mukatsika mwalowa mumchenga wotitimira, mukatuluka mumchenga mwafika pamiyala yobulungira ya mumtsinje imene imapotokola akakolo. Pamenepo ola lathunthu litha kutha mutayenda kilomita imodzi ndi theka. Magulu ambiri amafika pa akasupe otentha a Palm Springs tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka kapena m'mawa wa tsiku lachitatu, chonsecho kuchokera potsikira sipakwana ndi makilomita 20 omwe. Chigwembe chimayamba kutambasuka mukadutsa pamenepo, ndiye masiku otsalawo mumayenda 20 ndi kuposa, mothandizidwa ndi njira zachidule zodula makhwawa a mtsinje. Wofuna masiku anayi akutanthauza kuthamanga pamiyala paja, pamene anthu amathyokera.

Wa ku Likhubula: Ndamva. Koma alipo amene amamaliza masiku anayi, si choncho?

aMbewe: Alipo ndithu, ngakhale othamanga amene amamaliza tsiku limodzi alipo. Koma ife tilipo asanu ndi atatu, ndipo si tonse tili ndi zaka zanu.

Mjomba: Za masiku muthane nokha, ine ndiyankhulepo za msewu poti chiwongolero ndi changa. Kuchoka ku Cape Town titenga N7, kudutsa Clanwilliam, Vanrhynsdorp, Springbok mpaka pa boda ya Vioolsdrif. Tikaoloka Orange River tili pa Noordoewer. Mpaka ku Ai-Ais ndi makilomita pafupifupi 800, chakumapeto ndi msewu wafumbi. Mafuta ndi zogula zambiri tidzagule pa Springbok. Galimoto tikaisiye ku Ai-Ais komwe tikathere, ndipo tikalipire ya kumeneko ikatitule ku Hobas, kuti tsiku lotuluka tisadzavutike ndi kusaka thiransipoti miyendo itafa. Pa boda galimoto ya nambala yakunja imalipira msonkho wa msewu, umenewo tisonkha tonse. Ndalama musavutike n'kusintha, randi imayenda ku Namibia ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndi dola yawo.

Koma ichi ndichinene poyera: aliyense atsegule pasipoti yake lero, osati mawa. Ya Malawi kulowa nayo ku Namibia sifuna visa, vuto lili pa pepala lokhalira kuno ku South Africa. Ngati masiku ake anatha kapena atha tili m'chigwembe, pa boda adzakudindani chidindo choletsa kubwereranso, ntchito ndi ana zili mbali ino. Amene zake sizili bwino andiimbire pambali, palibe chochititsa manyazi.

aPhiri: Mwanena zoona Mjomba. Pasipotiyo idzathandizanso pachipata cha paki, anthu a m'maiko a SADC amalipira motsikirapo kusiyana ndi ochokera kutali.

Nabanda: Ine ndibwere ndi za chipatala. Pali fomu yoti adokotala asaine kuti muli bwino, ndipo isakhale yakale kuposa masiku 40 pofika tsiku lotsika. Ndiye musathamangire panopa, tidzapite chapakati pa Juni. Chonde musakapemphe adokotala kuti angosaina. Amene muli ndi BP, shuga kapena mphumu kanenani zonse, akusinthireni mankhwala ngati n'koyenera. M'chigwembemo netiweki ya foni mulibe. Njira zotulukira pangozi zilipo ziwiri zokha, imodzi chakufupi ndi Palm Springs, inayo kutsogolo kwambiri, ndipo yoyambayo ndi chikweza choti wodwala sangachikwere yekha. Kupanda apo ndi helikopita, ndalama zake si zamasewera. Aliyense aone ngati inshulansi yake imagwira kunja kwa South Africa.

Nachisale: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zimene afotokoza aMbewe zandiopsa. Bondo langa lakumanzere limatupa ndikatsika masitepe ambiri. Ulendowu ndauganizira nthawi yaitali, ndipo ndalama ya chipereganyu ndinaisungira umenewu. Koma sindikufuna ndikakhale mtolo kwa anzanga. Ngati kuli bwino ndisiye malo anga, nenani mosabisa, sindikwiya.

Wa ku Likhubula: Achemwali musasiye. Tingachite chonchi: ife ofulumira tizitsogola, tikafika pogona tizikonza malo ndi kuwiritsa madzi, inu muzibwera pang'onopang'ono ndi aPhiri.

aMbewe: Ayi, chimenecho ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Maganizo anu ndi abwino achimwene koma kugawa gulu m'chigwembe muja ndi kumene kumabweretsa maliro. Taganizani: inu mwatsogola ndi mbaula ndi bokosi la mankhwala, kumbuyo munthu wapotokola kakolo nthawi ya 2 koloko masana. Akuuzani bwanji? Kukuwa sikumveka mukangokhota khwawa limodzi. Komanso njira zachidule zija n'zosavuta kuziphonya, zizindikiro zake ndi milu ya timiyala ndi mivi yopentedwa apo ndi apo. Otsogola adula pachidule, otsalira atsata mtsinje, ndiye aliyense akuganiza kuti mnzake ali kumbuyo. Usiku ukugwa anthu akusakana. Lamulo likhale loti woyenda pang'onopang'ono ndiye akhale wachiwiri pamzere, kumbuyo kwa wowerenga mapu, ndipo wamphamvu kuposa tonse atseke kumbuyo. Wakutsogolo akacheuka n'kulephera kuona wakumbuyo, aime.

Nabanda: Achemwali a Nachisale, bondo tisaliweruze pafoni, tikaliyese. Loweruka likubwerali tikwere Table Mountain pa cable car n'kutsika wapansi pa Platteklip Gorge, chikwama chili ndi makilogalamu 8, ndodo ziwiri m'manja. Masitepe a miyala a pamene paja akufanana ndi zimene akunena aMbewezi. Tikaone mmene bondolo lidzadzukire Lamulungu ndi Lolemba. Likatupa pang'ono n'kuphwa, tili ndi miyezi yolimbitsa ntchafu, ndikuonetsani zochita kunyumba ndi mpando wokha. Likatupa mpaka kukanika kupinda, mupite kwa a physio tisanalipire ndalama yotsala. Mukatero mudzasankha nokha mukudziwa, osati chifukwa cha mantha kapena manyazi.

Nachisale: Zikomo anamwino. Mtima wakhalako pansi. Loweruka ndibwera.

Wa ku Likhubula: Ndavomera, gulu lisagawike. Ndiye ine nditseka kumbuyo. Ndipo potsika paja chikwama cha achemwali a Nachisale chidzakhala changa: ndidzatsitsa changa mpaka pamthunzi woyamba, n'kubwerera kudzatenga chawo. Zimenezo ndiye ntchito imene ndikuidziwa. Koma nkhani ya tchuthi ija idakalipo.

aPhiri: Tiwerengere limodzi mwana wanga. Tinyamuka Loweruka m'bandakucha, kugona ku Ai-Ais. Lamulungu m'mawa galimoto itipititsa ku Hobas, tionetsa mapepala, titsika. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu tili m'chigwembe. Lachinayi masana tatulukira ku Ai-Ais, tiviika miyendo m'madzi otentha aja, tigona. Lachisanu tili pa N7. Kuntchito mwajomba Lolemba mpaka Lachisanu basi.

Wa ku Likhubula: Aaa, ndiye zatheka. Asanu.

Mjomba: Chabwino, tsopano nkhani yeniyeni. Tikadya chiyani? Ndaona mndandanda wina uli ndi ma noodles m'mawa ndi madzulo. Ine masiku asanu opanda nsima miyendo siingandinyamule, ndikunena zoona.

Make Tadala: Ine ndili mbali ya Mjomba.

aMbewe: Vuto la nsima si ufa wokha ayi, ndi gasi ndi poto. Ma noodles ndi couscous mumangowiritsa madzi n'kuzimitsa moto. Nsima ya anthu asanu ndi atatu ikufuna poto wamkulu, phala libwate kaye, kenako kuvundula, ndipo timbaula ta gasi tija n'tating'ono, poto wolemera amagwa mukamatakasa. Nkhuni musazidalire, ndi zimene mtsinje unakokolola, malo ena zilipo, malo ena oyenda patsogolo panu anatola kale.

Nabanda: Ndipo kumbukirani kulemera. Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lanu. Wa makilogalamu 60 asadutse 15, madzi ali momwemo, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu. Mukaika sleeping bag, kamphasa kogonera, juzi, tochi, mankhwala ndi malita awiri kapena atatu a madzi, chotsalira cha chakudya n'chochepa.

Make Tadala: Koma anamwino, pa nkhani ya kupepuka ndiye ife a kumudzi tili patsogolo. Mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya wodzaza manja awiri sulemera kanthu, koma mukauviika umakwana gulu lonse. Usipa wouma chimodzimodzi. Nsinjiro m'kapepala, mchere, tomato wa ufa uja, basi ndiwo zapsa. Soya pieces nazonso n'zopepuka. Masana mtedza wokazinga, chiponde pa mabisiketi, mango ouma. M'mawa phala longothira madzi otentha lija ndi mkaka wa ufa. Nsimayo isakhale ya tsiku lililonse, tiphike kawiri kokha: tsiku limene tidzamalize miyala ija, ndi usiku womaliza. Ufa makilogalamu atatu tigawane m'timapepala, aliyense atenge kake. Poto mmodzi wa aluminiyamu, mthiko tiudule chogwirira ukhale waufupi. Pophika tidzakumbe kadzenje mumchenga, mbaula ikhale m'menemo, poto akhale pa mafuwa atatu, mmodzi agwire wina avundule.

Mjomba: Mayi mwandiombola. Poto ndi mthiko ndinyamula ine, ndi kabotolo ka gasi kapadera ka nsimayo. Ndimvanso kuti m'maiwe muja muli milamba.

aMbewe: Ilimo, ina ikuluikulu ndithu. Koma musaiwerengere ngati ndiwo, pofika madzulo mphamvu yokhala ndi mbedza imakhala itatha. Za mfutsozo ndagonja, n'zanzeru kuposa zimene tinanyamula ife. Chenjezo langa ndi anyani. Fungo la usipa adzalimva, ndipo a m'chigwembe muja anazolowera zikwama za anthu. Mukapita kosamba wina atsale pa katundu, usiku chakudya chikhale kumutu kwanu chomangidwa bwino. Biltong ndi nyama ina tikagule tikaoloka, malamulo olowetsa nyama pa boda amasinthasintha ndi matenda a ng'ombe.

Nachisale: Nanga madzi akumwa? Ndimaganiza kuti poti tikutsata mtsinje ndiye palibe vuto.

aMbewe: M'nyengo yozizira Fish River nthawi zambiri sayenda ayi, amasanduka maiwe otalikirana. Mvula yake imagwa kumtunda miyezi yotentha, ndipo kumtundako kuli madamu awiri aakulu, Hardap kufupi ndi Mariental ndi Neckartal kufupi ndi Keetmanshoop. Chaka cha mvula yambiri mumaoloka madzi kangapo patsiku, mwina mpaka kuchedwetsa kutsegula njira. Chaka cha chilala maiwe amachepa, madzi amabiriwira, ena amamveka mchere, makamaka chakumapeto kufupi ndi Ai-Ais. Julayi ali pakatikati. Sabata yonyamuka aPhiri adzaimbe ku Hobas kufunsa mmene madzi alili. Ndipo musanalowe njira yachidule iliyonse dzazani mabotolo onse, chifukwa pamenepo mwausiya mtsinje, mthunzi palibe.

Nabanda: Madzi alionse a m'dziwe tisefe pansalu kaye, kenako mapiritsi oyeretsera madzi, n'kudikira mphindi 30. M'maiwe omwewo mumamwa anyani ndi mahatchi akutchire, ndipo anthu amasambamo. Kutsegula m'mimba uli pamtunda wa masiku awiri kuchokera kumsewu si nkhani yaing'ono. Ndidzanyamula timapaketi ta ORS, ngati Thanzi uja wa kwathu, aliyense azimwa kamodzi madzulo ngakhale asakudwala, chifukwa thukuta limachotsa mchere wambiri. Chizindikiro choti muziyang'ana ndi mkodzo: ukayamba kufiira kapena kusowa, nenani msanga. Munthu akasiya kutuluka thukuta, akuyankhula zosokonekera, ameneyo timugoneke pamthunzi n'kumuthira madzi thupi lonse nthawi yomweyo. Ndiye tizinyamuka kukangoyera, 12 koloko tipume pamthunzi mpaka cha m'ma 2, tisalimbane ndi dzuwa la masana ngakhale ndi mwezi wozizira.

Azimayi tengani chitenje chimodzi aliyense, abambo inunso bwerekani. Mukachinyowetsa n'kuchikulunga m'khosi chimaziziritsa, chimasefa madzi, chimatchinga posamba, chimamanga mkono wothyoka.

Aphunzitsi: Pepani ndachedwa, ndinali ndi zolemba za ana. Masiku asanu ndagwirizana nawo, ndipo ndili ndi pempho. Chakumapeto kwa njira, mukadutsa matanthwe a Three Sisters ndi Four Finger Rock, pali manda a msilikali wa ku Germany, Thilo von Trotha, amene anaphedwa mu 1905 pa nkhondo ya Ajeremani ndi anthu a mtundu wa Nama. Alendo ambiri amajambulitsa pamenepo n'kumapita. Koma dzina la von Trotha ku Namibia ndi lolemera. Von Trotha wina, General Lothar von Trotha, ndiye analamula mu 1904 kuti Aherero aphedwe, ndipo mu 1905 anaopseza Anama ndi mawu omwewo. Pakati pa 1904 ndi 1908 anthu zikwi makumimakumi anafa, ena ndi ludzu m'chipululu, ena m'misasa ya ukaidi monga ya pa Shark Island ku Lüderitz. Boma la Germany linadzavomera mu 2021 kuti kumeneko kunali kupulula mtundu. Msilikali mmodziyo ali ndi manda olembedwa dzina m'njira imene tidutse, pamene eni dziko amene anabisala ndi kumenyera nkhondo m'mapiri omwewo sitidzaona pamene anagona. Ndikupempha kuti tikafika pamenepo tikatule zikwama, tikaime pang'ono, wina apemphere. Tisakadutse ngati tikudutsa pamsika.

aPhiri: Pempho lomveka aphunzitsi. Mudzatitsogolere ndinu. Likhala tsiku lachinayi, ndipo nthawi ilipo poti sitikuthamanga.

Wa ku Likhubula: Zimenezi sindimazidziwa. Zikomo aphunzitsi. Funso lina: matenti tinyamule? Pa Mulanje timagona m'nyumba za m'phiri zija, pali alonda ndi nkhuni.

aMbewe: Uku kulibe nyumba, kulibe mlonda, kulibe chimbudzi, kulibe wonyamulira mnzake katundu. Mumagona paliponse pamene mwapeza mchenga wosalala. Mvula m'miyezi imeneyi ndi yosowa, ndiye ambiri tenti amaisiya, amangoyala pulasitiki ndi kamphasa. Koma sleeping bag ikhale yeniyeni, m'bandakucha kumazizira zedi, ndipo mphepo ikauka mchenga umalowa m'makutu ndi m'mano. Ine ndimagona kuseri kwa mwala kapena kwa chitsamba, mutu nditakulunga. M'mawa kutumulani nsapato musanavale chifukwa cha zinkhanira, ndipo usiku osayenda chosavala.

Nsapato zikhale zimene mwayenda nazo kale miyezi ingapo, zatsopano zidzakusendani. Mchenga ukalowa m'sokosi umapala khungu ngati sandipepa, ndiye mukangomva potentha paphazi imani, vulani, matani pulasitala thuza lisanatuluke. Tengani masandasi opepuka oolokera madzi ndi ovala madzulo.

Za kuthengo ndinene ngakhale n'zochititsa manyazi, chifukwa pafupi ndi Palm Springs ndinaona zonyansa zimene anthu anasiya pansi pa akanjedza paja, mapepala ali mbee kuseri kwa mwala uliwonse, malo okongola ngati amene aja. Pitani kutali ndi madzi, kumbani, pepala muwotche mosamala, kwirirani. Sopo asalowe m'dziwe, tungani madzi mukasambire ndi kutsukira poto patali. Zitini ndi mapepala a chakudya zituluka nafe mpaka ku Ai-Ais. Akasupewo madzi ake ndi otentha kwambiri pamene akutulukira ndipo amanunkha sulufule, musalowemo mwachindunji, khalani pamene akusakanikirana ndi a mumtsinje.

Nachisale: Ndalemba zonse m'kope. Ndodo zoyendera ndilibe, alipo angandibwereke za Loweruka?

Aphunzitsi: Zanga zilipo achemwali, ndibwera nazo. Ndilinso ndi sikelo yopachika ija, tidzayeze chikwama cha aliyense tisanakwere.

aPhiri: Ndiye zili motere. Loweruka 7 koloko pa Tafelberg Road, pokwerera cable car, mphepo ikaletsa tidzakwera wapansi theka n'kutsika. Loweruka linalo tikayenda pamchenga kuchoka ku Blouberg kulowera ku Melkbos ndi zikwama zodzaza. aMbewe, inu muziyeserera kwanuko, ndipo mutiuze ngati mubwera kuno kapena tikakumana komweko. Foni ya satellite ndifufuza mtengo wobwereka sabata imodzi, tidzagawane pa anthu asanu ndi atatu. Pa chimenechi sindifunsa maganizo, popanda foniyo sititsika.

aMbewe: Ine ndidzera N14 mpaka ku Upington, kulowa pa boda ya Nakop, kudutsa Karasburg ndi Grünau. Tikakumana ku Ai-Ais Loweruka madzulo. Mapu a chigwembe ndili nawo, ndiwajambulitsa kuti akhale awiri, ena kutsogolo ena kwa achimwene otseka kumbuyo.

Make Tadala: Mfutso ndi usipa ndiitanitsa kumudzi, koma ndikufuna munthu wodalirika wobwera pa basi isanathe Meyi, kuti ndidzauyanikenso ndi kuupakira. Mjomba, madalaivala anzanu a ku Park Station ku Johannesburg aja, alipo amene akubwera kuchokera ku Lilongwe?

Mjomba: Alipo wonyamuka kumapeto kwa mwezi uno. Auzeni akumudzi amange bwino m'mapulasitiki awiri, alembe dzina lanu pamwamba. Nsinjiro asaiwale.